Nkhwani Wopanda Mchere

Tsiku limene anamwino a pachipatala cha mishoni anayeza Andrea pamkono n'kupukusa mutu, mkazi wake Benedeta anali pomwepo ndipo anamva zonse. Magazi ankathamanga kwambiri, n'chifukwa chake mutu sunkamupatsa mtendere, mapazi n'kumatupa mpaka nsapato za kutchalitchi kukana kulowa. Anamupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti mchere auiwale, soda wa m'therere nayenso amusiye.

Pobwerera kwawo, kufupi ndi Nsaru, Andrea anapempha chinthu chimodzi: abale ake asamve. Iye ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Ankati munthu akangodziwika kuti ngodwala, anthu amamulanda khasu m'manja, pa zokambirana n'kumamulambalala ngati chitsa. Benedeta anaona kuti n'zachibwana. Koma amuna akagwidwa mantha amawatcha ulemu, ndipo iye anali atakhala naye nthawi yokwanira kudziwa zimenezo. Analonjeza kuti sauza munthu.

Kulonjezako kunali kosavuta, ntchito inali kukhitchini. Tsiku loyamba anaphika nkhwani wopanda mchere ndi pang'ono pomwe. Andrea anatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, ati iye si mbuzi yoti azidya masamba osakoma. Benedeta sanakangane naye. Anayamba kuba mcherewo pang'onopang'ono, lero theka la supuni, sabata yamawa kongotsina ndi zala, ndipo pamene wachotsa mchere ankaikapo china.

Mtedza anayamba kuukazinga kaye paphale mpaka ununkhire, kenako n'kusinja. Matimati ankawadula n'kuwayanika padenga la nkhokwe, chifukwa akauma amakoma mowirikiza. Bowa wofutsa ankamusinja kukhala ufa n'kuwaza mu nyemba. Usipa wa kumsika ankauviika m'madzi kuti usukuluke. Mandimu ndiye anamuvutitsa. Ulendo woyamba anafinyira mu nkhwani ali pamoto, ndiwo zonse zinasanduka zotuwa ndi zowawa, ndipo ngakhale nkhuku zinajompha mokayika. Pambuyo pake anazindikira kuti mandimu amafuna madontho ochepa, poto ataphula kale. Therere lopanda soda lokha linamukanika, anangolisiya.

Pofika nyengo yothyola fodya, Andrea ankamaliza mbale osafunsa chigoba cha mchere. Mutu unaleka, mapazi anayamba kuphwa. Benedeta ankanyada mumtima, kunyada kwa munthu amene wachita chinthu chovuta koma alibe womuuza.

Vuto linatulukira kuseri kwa khola, kumene kunali nyumba ya a Salome, mlongo wamkulu wa Andrea. Iwowa ankalowa m'khitchini ya mlamu wawo osagogoda, n'kuvundukula poto ngati wawo, ndipo lilime lawo linali lakuthwa pa ndiwo ndi pa anthu pomwe. Analawa kamodzi, n'kuvundikira poto. Analawanso sabata ina, ndi inanso. Kenako anayang'ana mapazi a mlongo wawo, amene anali asanaphwere bwinobwino, ndipo anadziwerengera okha nkhani yonse.

Kumudziko aliyense ankapita ku Misa, koma zakale sanaziponye kudzala. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere, amati amadula a m'nyumba mwake: mwamuna amatupa miyendo, kudwala, mwina kufa kumene. Matendawo amawatcha tsempho. Tsono kumwezi n'kwa masiku ochepa. Mkazi wopewa mchere miyezi yathunthu, mwamuna wake ali ndi mapazi otupa, ndiye kuti akudziwa chimene anachita ndipo akuopa kumumaliza.

A Salome anali ndi chifukwa chokhulupirira zimenezi msanga. Bambo awo anatupa mapazi chimodzimodzi asanagwe m'munda n'kumwalira, ndipo mudzi wonse unaloza chala amayi awo. A Salome, ali mtsikana, analanda mthiko n'kuyamba kuphikira abale awo. Amayiwo anakalamba mpaka kumwalira akudya okha, popanda mwana wopisa dzanja m'mbale yawo.

Nkhani ya Benedeta inayenda monga ziyendera nkhani zotere, yopanda mwini. Kumjigo amayi ankasiya kuseka iye akafika. Pamaliro ena a m'mudzi, atafika pamalo ophikira ndi chipande chake, anamuuza mwaulemu kwambiri kuti iye azikatunga madzi. Ulemu umenewo unamupweteka kuposa chipongwe. Anasenza ndowa tsiku lonse, akudziwa kuti mawu atatu okha akanamuyeretsa, koma mawuwo sanali ake.

Mawa lake anapeza mwamuna wake m'chigafa akusoka fodya, n'kumufotokozera zonse. Andrea sanadzutse mutu. Anati zonena za anthu zimatha zokha, angopirira pang'ono.

"Mapazi anu akuphwa, bambo a Pamela," anatero Benedeta, "koma ine m'mudzi muno ndatha. Sindiulula, ndinalonjeza. Mcherenso sindithira. Zotsalazo muone ndinu."

Lamlungu, atabwera ku Misa, Benedeta anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kuikapo chakudya. Ndiwo inali nkhwani wotendera, wa mtedza wokazinga uja, matimati ouma ndi madontho a mandimu. Asanasambe m'manja, a Salome anatulukira atanyamula kapoto kokutira ndi nsalu. Anakaika patsogolo pa Andrea n'kuvundukula. Inali nkhuku yachikuda, yofiirira bwino, msuzi wake wa mchere wokwana monga ankaukondera kale. Osamuyang'ana Benedeta, ananena kuti kuyambira tsiku limenelo mlongo wawo azidya za m'poto mwawo, kufikira ankhoswe atakhala pansi n'kumva chimene chikuchitika m'nyumba imeneyi.

Benedeta anapinda manja pamiyendo. Ankamudziwa mwamuna wake pa nkhuku. Ankadziwanso kuti akangopisa m'kapotomo ndiye kuti wavomera pamaso pa mlongo wake kuti mkazi wake ngwachigololo, ndipo ntchito yonse ya miyezi ija ithera m'msuzi umodzi. Anachita mantha, komanso anakwiya, pakuti munthu amene ankamusunga moyo anali atakhala apo akumeza malovu.

Andrea anatema mbamu n'kuiumba nthawi yaitali, yaitali kuposa mmene mbamu imafunira. Kenako anakankhira kapoto kaja pambali n'kupisa mu nkhwani.

"Achemwali, nkhuku yanuyi ndi imene ingandiphe," anatero. "Ndili ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala anandiletsa mchere, ndipo ndine ndinawauza mayi a Pamela kuti asauze munthu. Mapiritsi ali m'nyumbamu, mukafuna ndikuonetsani."

A Salome anafunsa ngati matenda amenewo amatupitsa mapazi. Andrea anavomera, n'kuwonjeza kuti anamwino anamufunsanso ngati kubanja kwawo kunali wina amene anadwalapo motero, chifukwa nthawi zambiri amayenda m'magazi.

"Ndiye unawayankha chiyani?"

"Ndinawauza za bambo."

A Salome anakhala pansi pamphepete pa mphasa, mwendo umodzi utapindika molakwika, osaukonza. Ankayang'ana mapazi a mlongo wawo, koma Benedeta anaona kuti maso awo ali kutali, kwa mayi wina amene ankaphika ndiwo zake n'kuzidya yekha pakhonde. Benedeta anali atakonzeka kukondwa tsiku limene mlamu wake adzachite manyazi. Tsikulo litafika, anapeza kuti akuwamvera chisoni.

Anatenga beseni n'kuwathirira madzi m'manja. A Salome anasamba ngati sakudziwa chimene akuchita. Anatema kambamu kakang'ono, n'kutambasula dzanja kudutsa nkhuku yawo ija mpaka m'mbale ya Benedeta. Anatafuna pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya a masaya.

"Mandimu mwachulutsa, alamu," anatero.

Benedeta anavomera kuti mwina dzanja linapitirira. A Salome anatemanso mbamu ina, yokulirapo, n'kupisa m'mbale yomweyo.