Gitala ya Justus

Malita anafika pa kashopu ka Stambuli ku Chinamwali m'mawa wina wa chiperoni, atabereka gitala kumbuyo ndi chitenje ngati mwana. Stambuli anali atawerama pa wailesi ya kasitomala, chitsulo chowotcherera chili m'manja. Atadzutsa mutu anayamba wazindikira gitalayo, kenako mayi woiberekayo.

"Alamu, kwagwanji m'mawa uno?"

Malita anamasula chitenje, n'kugoneka gitala patebulo pakati pa mafoni akufa ndi mafani othyoka mapiko, kenako anakhala pabenchi n'kuyamba kusisita mawondo. Anali atatsika phiri wapansi.

"Anzanu aja akuti ndikaiponye mu damu la Mulunguzi. Ine manja anga akana. Ndiye ndati ikhale kuno, muona nokha chochita nayo."

Za ngoziyo Stambuli ankadziwa. Mwamuna wa Malita, Justus, ankacheka matabwa a paini m'phiri la Zomba pa makina a bwana wina, ndipo mvula itangosiya kugwa chaka chimenecho macheka anagwira dzanja lake lamanzere n'kudula zala zitatu. Chinatsala chala chachikulu ndi chamkombaphala. Stambuli anakamuona kuchipatala kamodzi. Anakhala pambali pa bedi akunena za mtengo wa chimanga, chifukwa sanadziwe choyankhula ndi munthu wa gitala amene zala zake zatsala m'utuchi. Kuchokera pamenepo sanakwerenso phiri.

"Akupeza bwanji?"

"Bala lapola. Koma munthuyo ndiye ayi. Amangokhala pakhonde kuyang'ana mitengo. Ukawapatsa chakudya amadya, ukapanda kuwapatsa safunsa. Ntchito inatha. Ine ndikatsikira kumsewu ndi zipatso zanga, pobwera ndimawapeza pomwe ndinawasiya."

Amuna awiriwa anadziwana ali anyamata, pamene anali ndi kabandi kawo koimba m'maukwati ku Matawale ndi ku Songani. Stambuli sankatha kuimba ngakhale pang'ono. Iye anali wa mawaya, wonyamula masipika, wokwawa pansi pa matebulo zinthu zikazima pakati pa nyimbo. Justus ndiye anali mwini manja. Bandi inatha, ena anapita ku Joni, ena anamwalira, koma Justus anasunga gitala yake yofiira. Ankaimba nayo kutchalitchi cha CCAP mpaka pamene chinyontho cha m'phiri chinaitsekera mawu. Zitatero ankangoimenya pakhonde yopanda magetsi, kamawu kake kongomveka kwa iye yekha.

Malita atapita, Stambuli anaimika gitalayo pakona. Inakhala pamenepo masiku angapo, iye akuilambalala ndi maso. Tsiku lina magetsi atazima, ntchito itaima, anaitenga n'kumasula kachipangizo kamene kamakhala pansi pa nsambo, kamene oimba amati pikapu, ngati galimoto. M'kati mwa pikapu mulibe zambiri. Muli maginito, ndi waya wakopa wowonda ngati tsitsi wokulungidwa kambirimbiri mozungulira maginitowo. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa kamphamvu kochepa ka magetsi, ampulifaya n'kukakuza kukhala mawu. Waya wa mu pikapu ya Justus unali utabiriwira, ndipo ataukhudza ndi chikhadabo unayoyoka ngati fodya wouma.

Ali chigwirire kanthuko anakumbukira nkhalamba ina imene inkaimba pakhomo la msika wa Zomba iye ali mwana. Inkagoneka gitala pamiyendo, n'kumayendetsa botolo pamwamba pa nsambo, kaimbidwe kamene anthu ankati hawayani. Gitala inkalira ngati munthu. Ndipo botolo, Stambuli anayesa ndi dzanja lake lomwe, limagwirika ndi zala ziwiri.

Madzulo ake anapita kwa mkazi wake Amisa, amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo.

"Mayi a Nadia, mundibwereke makinawa."

"Mwayamba utelala?"

"Ndikufuna gudumu lokha. Ndikulunge waya."

Amisa anamvetsera nkhani yonse nsalu ili m'manja. Atamaliza anafunsa funso limodzi. "Kodi eni akewo akutumani?"

"Munthu wodwala satuma."

"Chabwino. Koma musandithyolere makina."

Waya anaupeza pophwasula matiransifoma a mawailesi akale amene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Anasema kathabwa kokulungirapo, n'kukamatirira ku gudumu la makina. Koma phazi lake linali lolemera. Akangopondaponda, gudumu linkathamanga, waya n'kuduka, ndipo waya wotere ukaduka pakati umafuna kupala nsonga zake, kulumikiza, kumatanso, maso akutuluka misozi. Atadula kangapo Amisa anamukankha pampando.

"Chokanipo. Inu gwirani waya, ine ndiponde."

Anagwira ntchitoyo chomwecho masana ambiri, makasitomala akachepa. Amisa ankaponda pang'onopang'ono ngati akusoka silika, Stambuli atakhala pansi, waya ukudutsa pakati pa zala zake, akuuyendetsa uku ndi uku kuti ugone bwino. Sankayankhulana kwambiri. Nthawi yopemphera swala ikakwana ankaika chizindikiro cha choko pagudumu n'kusiya.

Pikapu yoyamba inatuluka ndi mawu owonda, ngati udzudzu uli m'chitini. Waya unachepa. Anawonjezera, mawu ananenepa. Kenako vuto linakhala maginito. Anali ataikamo maginito amphamvu, a m'sipika yaikulu, poganiza kuti mphamvu ndiye ubwino, koma maginitowo ankakoka nsambo, ndipo mawu ankafa asanapite patali. Woimba ndi botolo amafuna mawu otalika, oti awakoke, awapinde, awabweze. Anachotsa n'kuika ofooka. Nsambo zinapuma.

Chinamusowetsa mtendere kwambiri ndi kung'ung'uza. Akangolumikiza ku ampulifaya ya m'shopu, sipika inkayamba kulira ngati njuchi zili m'mphako, gitala isanakhudzidwe n'komwe. Wayawo unkatola phokoso la magetsi a m'khoma. M'phiri kunyumba kwa Justus kunalibe magetsi, ndipo Stambuli akanatha kuzisiya, koma m'mutu mwake ankamuona mnzakeyo atakhala kutsogolo m'tchalitchi, anthu ali chete, ndipo sanafune kuti njuchizo zikamuchititse manyazi. Anapempha Amisa kuti apondenso. Anakulunga koyilo yachiwiri ya waya mobwerera kumbuyo, n'kutembenuza maginito ake, n'kuziphatikiza ziwirizo. Phokoso lolowa mu ina linkafafanizidwa ndi la inzake, koma mawu a nsambo ankadutsa. Atalumikiza, sipika inangoti zii, mpaka anaganiza kuti yapsa. Anakhudza nsambo imodzi. Mayi wogulitsa mandasi tsidya la msewu anatembenuka.

Anasungunula makandulo m'chitini, n'kuviika pikapuyo kuti chinyontho chisadzalowenso. Anakweza nsambo ndi kafupa ka ng'ombe kuti botolo lisamagunde thabwa. Botolo anasankha la mankhwala a chifuwa, laling'ono, losalala.

Loweruka masana anakwera phiri. Gitala anaikoleka kumsana, kaampulifaya ndi batire la njinga yamoto zili m'chikwama. Galimoto ya matabwa inamutenga mpaka pa damu, kwinako anayenda wapansi. Nkhungu inali itatsika, mitengo ya paini ikudontha madzi ngakhale kunalibe mvula. Anakumana ndi amayi osenza nkhuni akutsika mothamanga, mitolo yaitali ikugwedera pamitu pawo. M'malo ambiri nkhalango inali itametedwa, kwatsala zitsa.

Anamupeza Justus pakhonde monga ananenera Malita, atavala jekete lalikulu, dzanja lamanzere lili m'thumba. Anali ataonda, ndevu zitamera imvi.

"Che Stambuli," anatero osadzuka. Kenako anaona chimene chinali kumsana kwa mlendoyo, ndipo nkhope yake inauma. Anaitana mkazi wake. "Malita! Si ndinati ukataye ichi?"

Malita anatuluka n'kuima pakhomo.

"Musawakalipire, achimwene," anatero Stambuli. "Mlandu ndi wanga. Ndangobwera kuti mumve kanthu kamodzi, mukakana ndibwerera nayo."

Analumikiza mawaya. Anagoneka gitala pamiyendo pake, n'kumenya nsambo, n'kuyendetsa botolo mosadziwa. Mawu anatuluka okhota, osalongosoka, koma aakulu ndi oyera, ndipo anakabwerera kuchokera ku mitengo ya kutsidya.

Justus anatseka maso. "Mukuipha. Simunachune n'komwe."

"Ndiye chunani eni ake."

Justus anatambasula dzanja lamanja, Stambuli n'kumuikira gitala pamiyendo. Anapotokola zomangira nsambo mmodzimmodzi, khutu atalipendeketsa, mpaka nsambo zonse zinagwirizana. Atatero anatulutsa dzanja lija m'thumba. Stambuli anayang'ana kumbali, koma anali ataona kale: khungu lofiirira, lonyezimira, losokedwa mokoka pamene panali zala.

Zala ziwirizo zinagwira botolo. Poyamba linaterereka n'kugwera pa jekete. Analitola. Anayamba nyimbo ya m'tchalitchi, yapang'onopang'ono, ndipo mzere woyamba unatuluka wolira, wogwedera kumapeto monga Justus ankachitira kale ndi chala chake chapakati. Malita anagwira pakamwa. Ana awiri a nyumba yoyandikana anabwera n'kuima patali. Stambuli mumtima anati basi, zatheka.

Pa mzere wachitatu nyimbo inafuna kuthamanga. Stambuli anaona dzanja lija likudzitambasula lokha, zitsa za zala zikugwedezeka kufuna kukanikiza nsambo zimene sizikanazifika. Botolo linapulumuka, n'kugubuduka pakhonde, n'kugwera m'matope. Sipika inapitiriza kulira yokha mawu omaliza aja kwa nthawi yaitali, mpaka Justus anaika chikhatho pa nsambo.

Palibe anatola botolo.

"Mwaikonza bwino, Che Stambuli," anatero Justus pamapeto pake, mawu ali pansi. "Sinalirepo chonchi ngakhale ili yatsopano. Ikumva chilichonse. Ikumvanso zimene ndikulephera."

"Ndi tsiku loyamba, achimwene. Nkhalamba ya pamsika ija inaphunzira tsiku limodzi?"

"Nkhalamba ija sinkadziwa kuimba kwina. Ine nyimbo ili m'mutu yonse, ndikuimva mmene iyenera kuyendera, zala zikundiyabwa pamene palibe zala." Anabweza dzanja m'thumba. "Malita sanakuuzeni? Nyumba ino akuifuna eni ake. Tikupita kwawo kwa mayiwa, ku Phalombe. Ndikaphunzire kugwira khasu ndi dzanja limodzi."

Stambuli anayang'ana Malita. Malita anayang'ana pansi.

Anamwa tiyi wopanda mkaka, akukamba za anzawo a mu bandi, amene ali moyo ndi amene anapita. Pochoka Stambuli ananyamula ampulifaya ndi batire, chifukwa Justus anaumirira, koma gitala anaisiya dala itatsamira khoma, ndipo Justus sanamuuze kuti aitenge. Potsika phiri Stambuli ankadzilimbitsa mtima ndi zimenezo.

Amisa atamuona akulowa opanda gitala anafunsa kuti, "Alandira?"

"Sanakane."

Amisa anamupatsa madzi osamba.

Mwezi usanathe, lole yaing'ono yodzaza matumba, matiresi ndi mipando inaima pamsewu kutsogolo kwa shopu. Malita anatsala pamwamba pa katundu atafunda chitenje kumutu. Justus anatsika yekha, gitala ili m'dzanja lamanja, n'kuigoneka patebulo.

"Muchotse kanthu kanu kaja."

"Ndinapangira inu, achimwene."

"Ndikudziwa. Kumene tikupita kulibe magetsi."

"Batire ndikupatsani. Ampulifaya tengani, ine sindiigwiritsa ntchito. Kasola kakang'ono kamakwanira kutchaja."

"Che Stambuli." Justus anamuyang'ana m'maso koyamba chichitikireni ngozi ija. "Ndikaimba ndekha kuseri kwa nyumba, zolakwa zanga ndizimve ndekha. Sindikufuna mudzi wonse uzimva. Kameneko mupatse mnyamata wa zala zake."

Woyendetsa lole analiza hutala. Stambuli anatenga sikuludiraiva. Anamasula pang'onopang'ono, akuyembekeza kuti mwina mnzakeyo anena kuti basi siyani, koma Justus ankayang'ana kumsewu. Anadula mawaya awiri, n'kutulutsa pikapu. Pamimba pa gitala panatsala dzenje. Anafuna kuchotsanso kafupa kokweza nsambo kaja, koma Justus anaika dzanja pamenepo.

"Ako kasiyeni."

Anagwirana chanza. Justus anakwera, Malita n'kulandira gitala n'kuipanikiza pakati pa matumba. Lole inanyamuka ikufuka utsi, n'kukhotera kutauni pakati pa makabaza.

Miyezi yoyamba Stambuli ankaimba foni. Ankayankha ndi Malita, ndipo ankati ali bwino, chimanga chamera, abambo apita kudimba. Za gitala sanafunse, ndipo Malita sanazitchule. Itafika nthawi yokolola, nambala ija inasiya kugwira. Munthu wina wa ku Phalombe amene anabweretsa wailesi yoti ikonzedwe anati akumudziwa bambo wa zala ziwiri, amamuona pamsika Lachinayi akugulitsa nandolo. Stambuli anafunsa ngati bamboyo amaimba. Munthuyo anati sakudziwa, iye sanamvepo.