Katatu pa Sabata

"Kabuku aka, Ma, muzilembamo ngozi iliyonse. Yaikulu, yaing'ono, musasiye ndi imodzi yomwe."

Ndinatambasula dzanja, koma maso anga anali pankhope ya namwinoyo. Kampata kam'mano, kachipsera pachibwano. Anali Sizakele, mwana wa MaZungu, mayi amene ankakhala pambali panga kumpingo kwathu ku Umlazi, mayi woti nkhani siigona m'kamwa mwake. Mwana ameneyu ndinamuberekapo kumsana. Lero ndiye aziwerenga kuti ndadziwonongera kangati.

"Hawu, MaCele! Ndinu kodi?" anatero. "Mwasowatu kutchalitchi. Amayi amati miyendo ikukuvutani."

"Miyendo, mwanangu. Miyendo."

Ndinang'ambika pobereka mwana wanga womaliza, zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo kuyambira pamenepo chimbudzi chinasiya kundichenjeza. Chinkangobwera, kaya ndili mu takisi, kaya ndikusankha tomato. Yunifolomu ya mpingo wathu ndi yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, choncho ndinaipinda n'kuitsekera mu sutikesi. Mwamuna wanga Bhekumuzi anasamukira kuchipinda cha ana, ati msana wake ukufuna matiresi olimba. Matenda angawo sanawatchulepo dzina, ankangoti "zako zija". Nsalu zodzitetezera ndinkayanika kuseri kwa nyumba, pakachingwe kobisika pakati pa khoma ndi thanki yamadzi.

Dokotala Moodley, wa kuchipatala cha m'tauni ku Durban, anafotokoza bwinobwino. Masabata awiri oyamba ndingolemba m'kabuku. Kenako alowetsa kawaya kowonda m'munsi mwa msana, pafupi ndi mtsempha umene unagona tulo, kuti kaziudzutsa ndi timagetsi tochepa kuchokera pakabatire kovala pa lamba. Ndilembenso masabata awiri. Ngozi zikatsika ndi theka, kabatireko akaika pansi pa khungu mpaka kalekale.

"Theka, Mayi Cele. Lamulo lake ndi limenelo."

Ndinamva ndithu, sindinganame kuti sindinamve. Koma ndikagwira cholembera ndinkaona Sizakele akuwerenga, kumbuyo kwake kutaima MaZungu, ndipo kumbuyo kwa MaZungu mpingo wonse wovala zoyera. Sabata yoyamba ndinachapa nsalu khumi ndi zinayi. Ndinalemba kuti katatu. Sabata yachiwiri, katatunso. Ndinadziona wochenjera.

Kawaya katalowa, ndinkamva kunyerenyesa pang'ono ngati nyerere ikuyenda m'kati mwa chiuno. Tsiku lachitatu ndikusenda anyezi, thupi linandiuza kuti, pita. Ndinapita kuchimbudzi poyenda, osathamanga, mpaka ndinatseka chitseko bwinobwino. Ndinalira m'menemo ngati wamasiye.

Lamlungu ndinatsegula sutikesi.

"Ukupita kuti wavala zoyera?" anafunsa Bhekumuzi, supuni ili m'malere. "Ukufuna kukatiyalutsa pamaso pa anthu?"

"Tiyeni mukaone nokha, Baba."

Anabwera, koma anakhala pafupi ndi khomo, pothawira. Ine ndinaimba mpaka mawu anasasa. Kuvina sindinavine, poopa kusuntha kawaya. Potuluka ndinagula amagwinya awiri, mandasi amafuta aja, n'kudyera pamsewu pomwepo, ine amene kwa zaka zonsezi sindinkalawa ngakhale tiyi ndikakhala ndi ulendo. Usiku wake Bhekumuzi anabweretsa pilo wake kuchipinda kwathu ngati anangoutenga dzulo. Ndinamusunthira. Chimenechi chimandipsetsa mtima mpaka lero.

Masabata awiri amenewo ndinalemba zoona zokhazokha, monyadira: kawiri pa sabata.

Dokotala Moodley anaika masamba awiri a kabuku kaja pafupipafupi, n'kukankhira magalasi pamphumi.

"Poyamba katatu, tsopano kawiri. Sizinafike theka. Pepani, zikuoneka kuti njira imeneyi si yanu."

"Koma adokotala, ine ndachira. Ndinapita kutchalitchi."

"Ndikumva. Koma ovomereza opaleshoni amaona manambala awa, ndipo odikira ndi ambiri." Anandiyang'ana kwa kanthawi. Sanali munthu woipa. "Kapena pali zimene simunalembe poyamba paja? Ambiri amachita manyazi."

Khomo anali atanditsegulira. Mawu anafika palilime: khumi ndi kanayi. Koma Sizakele anali chilili pambali pa bedi ndi thonje m'manja, akumwetulira ndi kampata kake, nkhope ya mayi ake yeniyeni.

"Ayi," ndinatero. "Ndinalemba zonse."

Kuchotsa kawaya sikunatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinagona chafufumimba, ndinamva kukoka pang'ono, nyerere ija n'kusiya kuyenda.

"Musadandaule, Ma," ananong'ona Sizakele akumata pulasitala. "Lanu ndi laling'ono ili. Kumabwera amayi ena kuno, ngozi kawiri pa tsiku! Amenewo ndiye amathandizika ndi kawayaka. Ndipo musaope, za kuno sindinena kunyumba. Ngakhale amayi sindinawauze kuti ndinakuonani."

Ndinathokoza. Inde, ndinamuthokoza mwana ameneyo, mano ali gwa.

Kuchipatala sindinabwererenso. Ndikanati chiyani, kuti mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri ananama kawiri pamaso pa dokotala poopa miseche imene kunalibe? Lachinayi lisanathe, msana wa Bhekumuzi unayambanso kufuna matiresi olimba. Atandisowanso kutchalitchi, MaZungu anatumiza uthenga pafoni kufunsa ngati miyendo yayambiranso.

Loweruka ndinanyamula beseni kupita kuseri kwa thanki. Mapegi anga alipo khumi ndi atatu, imodzi inathyoka kalekale. Ndinayanika imodziimodzi, ndikuwerenga mokweza ngati pali wondimvera, mpaka mapegi anatha. Nsalu yomaliza ndinangoima nayo m'manja, madzi akudonthera pamapazi anga.