Chitenje Chotsala pa Msomali

"Ba landilodi, bwelani muone mweka. Ine nalema kukamba."

Kabaso anaima pakhomo pa Maud atavala majombo, madzi ali m'akakolo. Anali kondakitala wa minibasi, mmodzi mwa anthu atatu ochita lendi pabwalopo, ndipo pakamwa pake ndi pamene ankadyera. Maud sanafunikire kupita kukaona, pakuti fungo linali litafika kale m'nyumba. Chimbudzi chimodzi chokhacho cha pabwalo ponse chinali chitadzaza mpaka kukamwa, ndipo mvula ya ku komboni ya Kanyama, imene imagwera pathanthwe n'kusowa kolowera, inkangowonjezera.

"Bopopa vimbuzi nabaitana," anatero Maud. "Bakamba ati ngolo yao siingapite mu manzi aya. Tiyembekeze njila iume."

"Iume liti? Mu Juni? Manje bana banga baziyenda kuti? Chitani vamene bachita banzanu, ba mai. Ngati simufuna, pa Sondo ine nichoka."

Zimene anzawo amachita aliyense ankazidziwa, koma panalibe wozitchula dzina. Mvula ikalimba, munthu amatenga piki n'kuboola khoma la dzenje cha kumbuyo. Zonyansa zimatuluka n'kutsagana ndi madzi oyenda. Mvula ikakata, chimbudzi chapepuka, ndipo wolakwa ndi mvula. Vuto linali lakuti madzi ochokera kuseri kwa Maud ankatsetserekera pabwalo la Exildah, amake Chipo, mayi wogulitsa zitumbuwa, amene anali ndi ana atatu ndi chitsime chosazama. Mpopi wa m'deralo unali utamira, choncho banja lonselo linkamwa pachitsimepo.

Kabaso atapita, Lazarous, mwamuna wa Maud, anatuluka akumanga mabatani a yunifolomu yake yaulonda. Anali atamva zonse.

"Amake Isaac, mvelani," anatero motsitsa mawu. "Buloko imozi naigwedeza kudala. Yasala chabe kuichosa. Mvula izabwela masana, ine nizankhala ku nchito. Mugogodeko kamozi, basi."

"Nanga chisime cha amake Chipo?"

"Manzi ni yambili, yazasungunula. Komboni yonse ichita so. Kapena mufuna mufunse Banzanu poyamba?"

Ankamuseka. Maud anali ndi chizolowezi chimene Kanyama yense wa mbali imeneyo ankachidziwa: ankalankhula ndi Mulungu tsiku lonse ngati munthu amene wakhala naye pamphasa. Chinayamba atangofika kuchokera ku Katete, asakudziwa aliyense m'tauni, pamene abusa analalikira kuti palibe malo amene Mulungu kulibe. Ena anamva n'kupita kwawo. Maud anazitenga monga zinalili. Akapsereza ndiwo ankati, "Mwaona, Ambuye, nachita nafuti." Akadumpha chithaphwi ankati, "Tiyeni." Lazarous ankakonda kuuza alendo kuti panyumbapo amakhala atatu, ndipo iyeyo ndiye wachitatu.

Koma m'mawa umenewo, mwamuna wake atachoka, m'nyumba munangoti zii. Anasesa, nasesanso pamene anali atasesa kale. Anaika madzi pambaula n'kuiwala chimene amawafunira. Anatuluka kukayang'ana mitambo, nabwerera, natulukanso. Kangapo mawu akuti "Ambuye" anafika pamilomo, iye n'kuwameza. Ankadziwa bwino lomwe kuti akangoyamba nkhaniyo, yankho lake salikonda. Mtima unkamuwawa, ndipo anakwiya: anakwiyira Kabaso, anakwiyira thanthwe, anakwiyira ngakhale Exildah chifukwa chokumba chitsime kumunsi kwa anthu.

Masana kumwamba kunada bii, mphepo n'kuyamba kugwedeza malata. Apa m'pamene Maud anachita chinthu chimene ngakhale mwana wa Sande sukulu akanamuseka nacho. M'chiuno anali atamanga chitenje chake chakale cha chigwirizano cha amayi, chija cha mitanda yofiirira. Anachimasula, nachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo anachitembenuza bwinobwino kuti mitandayo iyang'ane kukhoma. Kenaka anavala ovolosi yong'ambika ya Lazarous, natenga piki, natseka chitseko pang'onopang'ono ngati munthu amene akuzemba mlendo wogona.

Mvula inagwa yamkokomo. Kuseri kwa chimbudzi kunali kampata kopapatiza, ndipo madzi ankathamanga m'menemo ofiira, atanyamula mapepala ndi mabotolo. Buloko ija inaonekeratu: inali itatuluka pang'ono pamzere wa zinzake, m'mphepete mwake mukuchucha zakuda. Kudzera pampanda wa malata Maud ankaona chitsime cha Exildah, chovundikiridwa ndi chitseko chakale cha galimoto, pambali pake pali kapu yapulasitiki yomangidwa chingwe. Anatembenuza nkhope kuti asachione.

"Kamozi chabe," anadziuza yekha.

Anaponda pathabwa, nakweza piki. Thabwalo linali ndi ndere. Phazi linaterereka, piki inauluka, ndipo iye anaona ngalande ikubwera kumaso kwake.

"Ambuye, nigwileni!"

Dzanja lake linakola pamtengo wa mpanda. Anatsala ali lende, bondo limodzi m'matope, akupuma mwabefu. Sanavulale. Chimene chinamuumitsa thupi chinali mawu amene anali atangotuluka pakamwa pake. Sanaitane munthu wakutali. Sanakuwe moloza kunyumba kumene anasiya chitenje. Anaitana monga amaitanira masiku onse, kwa wina amene ali pambali pomwepa, ndipo sanakayike n'komwe kuti amveka.

"Kansi mwanikonka na kuno," ananong'ona, poona kuti Ambuye amutsatira. "Kumbuyo kwa chimbuzi, shuwa?"

Anachita manyazi aakulu, oposa amene akanachita Kanyama yense akanamuona. Koma pansi pa manyaziwo panali kupepukidwa, poti kuyambira m'mawa anali yekhayekha, ndipo kukhala yekha kumeneko kunali kutamutopetsa kuposa fungo.

Nthawi yolira panalibe. Pogwa paja anali atakankha buloko ndi phazi, ndipo tsopano inkachucha kwambiri. Maud anagwada n'kuikankhira m'malo mwake ndi manja onse awiri. Inkabwerera. Anaitsamira ndi phewa uku akukumba dothi ndi zala n'kumamata m'ming'alu, koma mvula inkakokolola dothilo iye akuona. Mvula ikakuona litsiro siikata.

"Ba neba, piki ni ya chani mu mvula?"

Anali Exildah, atasuzumira pamwamba pa mpanda, thumba lapulasitiki lili kumutu. Maso ake anachoka pa piki, napita pa buloko, nakathera pachitsime chake. Funsolo linali litadziyankha lokha. Maud akanatha kunena kuti anabwera kudzakonza, ndipo theka lake likanakhala loona.

"Nenze nabwela kuti niboole, amake Chipo," anatero. "Sininganame. Manje nifuna kuvala pamene pachucha, koma buloko yanikanga."

"Imwe? Imwe bamene mupempela na pa malasha?" anatero Exildah. "Muziba kuti chaka chatha Chipo anagona pa dilipu na kolela? Mwenze mufuna kunipaila bana!"

"Niziba. Nilibe vokamba."

Exildah anasowa kuseri kwa mpanda. Maud anaganiza kuti wapita kukaitana anthu, ndipo anangoti zikhale momwemo, phewa lili pabuloko. Koma posakhalitsa lata limodzi linasunthidwa, Exildah n'kulowa chafutambuyo akukoka thumba la mchenga limene linkatchinga madzi pakhomo pake.

"Fendelani uko," anatero mwaukali. "Sinichitila imwe. Nichitila chisime changa."

Awiriwo anakoka matumba ena, nawasanjikiza, napanikiza ndi miyala. Kuchucha kuja kunachepa, kenaka kunaleka. Mvula itayamba kukata, Maud anapita m'nyumba, natenga loko wa pa bokosi lake, nakhoma chitseko cha chimbudzi. Ankadziwa chimene loko ameneyo adzabweretse. Kabaso adzasamuka ndithu, mwina ndi enawo, ndipo Lazarous adzakhala masiku osamulankhula. Chotsala chinali chovuta kuposa zonsezo, ndipo anachichita atazyolika.

"Amake Chipo, nipempako. Mpaka bopopa babwele, banthu ba pa yadi panga bangasebenzeseko chimbuzi chanu? Nizayamba kusuka ine, mailo kuseni."

Exildah anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku ovolosi yamatope ija.

"Muzasuka na kumazulo," anatero. "Bwelani musambe, mununkha."

Pabwalo pake Exildah anasuntha chitseko cha galimoto chija, natunga madzi, namuthirira Maud m'manja ndi sopo mpaka zala zinayera. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu yodzaza kuchokera mu ndowa imene ana ake amamwera, madzi a chitsime chomwecho onunkhira kolorini. Anaipereka osamwetulira.

"Imwani."

Maud anailandira ndi manja awiri. Anayang'ana madziwo, oyera mpaka pansi pa kapu.

"Mwaona, Ambuye," anatero chapansipansi.

"Mukamba na ndani?" anafunsa Exildah.

"Na Bamene benze na ise kumbuyo kuja."

Ndipo anamwa onse, osasiya ngakhale dontho.