Kupuma kwa Pansi pa Mpando

Galimoto ya hayala ya Rhoda inafookanso itangodutsa Sinda, kanyali kachikasu kochenjeza kali ngwee. Okwera anatsika akung'ung'udza. Rhoda anaikwawitsa mpaka ku galaja ya mlamu wake Obed ku Katete.

"Mulamu, nkhalamba yanu yayambanso kudwala?" anatero Obed akupukuta manja.

Rhoda sanaseke. Mwamuna wake Leonard anatsirizikira pampando wakumbuyo wa galimotoyi, akuthamangira naye kuchipatala kuchokera ku Vubwi. Kuyambira pamenepo, pansi pa mpandowo pankamveka kupuma. Fuu, kenako zii, kenako fuu. Ndi mmenenso ankapumira Leonard tsiku lija. Rhoda sanauzepo munthu.

Obed analumikiza kamakina kake kounikira matenda a galimoto.

"Batire yaikulu ikutentha. Izi zoyendera mafuta ndi magetsi zili ndi fani pansi pa mpando, yoziziritsa batire."

Atatsegula chitseko chakumbuyo anaima njii. Pakabowo kolowera mphepo panali patatsekedwa ndi jekete la mkulu wake.

"Anatseka apa ndani?"

"Ine," anayankha Rhoda chapansipansi. "Ndimati asamazizidwe."

Obed sanafunse kuti ndani. Anachotsa jeketelo mwaulemu, nanyamula mpando. Fyuzi inali bwino. Anaika mita yoyezera magetsi pa waya wa fani: magetsi ankabwera, n'kuthawa, n'kubweranso. Anatsata wayawo ndi chala mpaka pomwe khoswe anatafuna, pakati pa makoko a nshawa.

"Achimwene ankadyera nshawa m'galimoto ngati ali pakhonde," anatero akuyesa kuseka. "Waya ukakhudzana fani imazungulira, ukatalikirana imaima. Ndikaulumikiza iziyenda mwakachetechete."

"Ndiye kuti sindidzawamvanso?"

Obed anayang'ana pansi. "Tikausiya, batire ipsa, galimoto ikhala khola la nkhuku. Ana mudzawadyetsa chiyani? Madzi akatayika saoleka, mulamu."

"Lizani kamodzi kokha."

Anailiza. Rhoda anagwada pakhomo la galimoto, khutu lake pafupi ndi kabowo kaja. Fuu. Zii. Anadikira monga anadikirira tsiku lija pamsewu wafumbi. Fuu.

Anadzuka, nasasa maondo.

"Lumikizani," anatero. "Koma mudikire ndifike kaye kumsika."

Anatuluka pachipata mofulumira osacheuka, nakaima pakati pa maminibasi a ku Chipata, pomwe phokoso la oitanira silinkalola munthu kumva china chilichonse.