Makina a Malemu Sadiki

Pali anthu amene pamaliro amalira ndi diso limodzi, linalo likusuzumira katundu. Zubairu anali wa mtundu umenewo. Arubaini ya mkulu wake, malemu Sadiki, sadaka ya tsiku la makumi anayi, inachitika Lachisanu pa Ulongwe. Loweruka m'mawa, mbale za mpunga zisanaume n'komwe, munthu anali atakhala kale pabalaza, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo.

Rashida, mkazi wa malemu, anali akadali pa eda, nthawi yobindikira ya mkazi wamasiye wachisilamu, choncho anakhala pamkeka pafupi ndi khomo la kuchipinda, mpango utafika pamphumi. Mlongo wake Shafiq ndiye anabwera kudzamuyankhulira. Za mipando ndi zovala anagwirizana mosavuta. Moto unabuka atafika pa laputopu imene inkang'ung'udza patebulo.

Sadiki anali mphunzitsi wa sayansi. Zaka zinayi zapitazo anaika m'makinamo pulogalamu ya akatswiri a payunivesite ina ya kunja, ofufuza za mapuloteni, tinthu ta m'thupi timene tikapindika molakwika timabala matenda. Akatswiriwo ankadula ntchito yawo m'tizidutswa n'kugawira makompyuta a anthu ongodzipereka padziko lonse. Makina akamaliza kachidutswa kake ankabweza mayankho n'kulandira kena, popanda malipiro. Rashida ankawada makinawo, ankawatcha mkazi mnzake, chifukwa ankamaliza moto wa sola ana asanaonere kanema. Koma khansa ya kummero itamufoola Sadiki, mawu akutuluka ngati a munthu wotsamwa, anamugwira dzanja mkazi wakeyo n'kunena kuti, "Anzanga amasiya mjigo pamzikiti. Ine ndalephera. Sadaka yanga yosatha ndi iyi. Usadzazimitse." Zubairu anali pomwepo, anamva ndi makutu ake.

"Alamu," anayamba Zubairu, "zaka zinayi makinawa akuwagwirira ganyu azungu. Zokolola zili kuti?"

"Zinapita," anatero Rashida.

"Zinapita kwa yani?"

"Kwa aliyense wozifuna. Malemu ankati akatswiriwo amaziika poyera, dokotala aliyense wofufuza atha kutenga ulere."

Zubairu anaseka kuseka konyansa kuja kotulukira m'mphuno. "Ulere! Ine ndikayanika matemba ku nyanja ya Chiuta, ndi anga mpaka wogula atapisa m'thumba. Makina ndi athu, moto ndi wathu, koma zotuluka n'za aliyense? Aliyenseyo kwawo n'kuti, tikamuone? Mawa apanga mankhwala, adzatigulitsa ife tomwe pamtengo woti ugulitse munda."

"Sizinali zanu, alamu. Anapereka mwini wake."

"Amati kupatsa n'kuika. Nanga iye anaika, anatapa chiyani? Tamuyendetsa m'zipatala ngati thumba la chimanga, azungu akewo anamutumizira m'bulu ngakhale umodzi wa mankhwala?"

Mawuwo anamulasa Rashida pachilonda. Funso lomwelo anali atadzifunsa yekha kambirimbiri akuchapa nsalu za wodwala. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti choonadi chinatulukira m'kamwa mwa munthu amene kuchipatala anabwerako kawiri kokha, ulendo wachiwiriwo n'kudzabwereka njinga.

"Bwererani kunkhani," anatero Shafiq. "Mukufuna chiyani?"

"Chabwino. Mayi athu ali moyo, ali ndi gawo lawo pachuma cha mwana wawo, ndipo andituma. Zinthu zamtengo m'nyumba muno ndi ziwiri, makinawa ndi njinga yamoto. Chimodzi chitsale, china ndinyamule lero. Asankhe okha alamu."

Njingayo inkayenda kabaza pakati pa Ulongwe ndi Liwonde, ndipo ana atatu a Rashida ankadya kuchokera pa mateyala akewo. Zubairu ankadziwa bwino lomwe. Anatsamira kumpando ngati munthu amene watchera msampha pa njira yokhayo ya kumadzi.

"Mulibe manyazi?" Rashida anakweza mawu, n'kuiwala kuti wa pa eda sakalipa. "Munamva nokha zimene ananena!"

"Ndinamva. N'chifukwa chake ndikuti sankhani. Ngati sadakayo ndi yofunika choncho, ndipatseni makiyi. Anawa adzadya mapuloteni a azungu."

Shafiq anasendera kwa mlongo wake n'kutsitsa mawu. "Achemwali, musaphe ana chifukwa cha chitsulo. Wapita wapita. Ine ndili ndi anga asanu, sindingathe."

Rashida anawayang'ana onse awiri ndipo anawada mofanana. Anamuda ngakhale Sadiki, amene anamusiyira lonjezo lolemera chotere ngati kuti sankawadziwa abale ake. Panja mwana wamng'ono ankalirira chigumu cha mnzake.

"Njinga itsale," anatero.

"Basi, nkhani yatha bwino," anatero Zubairu, akutsegula chikwama.

"Koma dikirani pang'ono." Rashida analoza pagalasi la makinawo, pamene kamzere kobiriwira kanali katatsala pang'ono kufika kumapeto. "Kachidutswa aka katsala ola limodzi. Kathe, katumizidwe m'dzina lake, kenako mutenge."

"Wogula akundidikira ku Balaka, ndipo minibasi sidikira akufa. Kakapanda kutha chichitike n'chiyani? Dziko litha?"

"Adzakapereka kwa munthu wina."

"Mwaonatu! Ndiye kuti ngakhale kumeneko sakumufuna. Wafa, iwo sakudziwa n'komwe."

Anatambasula dzanja kuti atseke makinawo, koma linaima m'malere. Chilombo chonsechi, chokalipa ngati mwini dziko, chinkaopa mawu a munthu wakufa. Zubairu anabweza dzanja n'kulipukuta pa thalauza.

"Iyayi. Ine sanandiuze kanthu, anauza inu. Mwasankha ndinu, zimitsani nokha."

"Achimwene," Rashida anatembenukira kwa Shafiq.

Shafiq anayang'ana kudenga ngati malata ayamba kudontha. "Zimenezo n'zapakati pa inu ndi amuna anu," anatero.

Amuna awiri athunthu, ndevu pepeya, anakhala manja ali pamawondo kudikira mkazi wamasiye. Rashida anadzuka pamkeka n'kuyenda mpaka patebulo. Makinawo anali ofunda. Pagalasi panali dzina la Sadiki, pansi pake kachinthu kopotanapotana kakuzungulira pang'onopang'ono.

"Mukafika kwa amayi," anatero osatembenuka, "mukawauze kuti gawo lawo ndi limeneli. Mwana wawo tamuika kachiwiri, ndipo pano palibe mwamuna amene wagwira fosholo."

Anati bisimila chapansipansi, n'kudina batani, n'kuligwira mpaka galasi linada.