Msewu wa Mimbulu

Mphalapala za mtundu wa karibu zinali zitatsala pang'ono kutheratu m'mapiri a kwawo kwa Delmer, koma zomwe anthu ankachita pozipulumutsa zinkamuzunguza mutu. Zazikazi ankazitsekera m'khola kuti ziberekeremo. Mimbulu ankaiwombera, ati poteteza chilengedwe. Tsopano anatsekanso njira yokwerera kuphiri, n'kuikapo chikwangwani choletsa kudutsa.

"Kodi nyamazi tikuzisamala kapena tikuzimanga?" Delmer anafunsa mlamu wake, Alvin.

"Chikwangwanicho n'cha alendo, alamu," anatero Alvin. "Inu munabadwira konkuno. Phiri lingakukaneni?"

Chisanu chitafika povuta, Delmer anazimvera chisoni nyamazo. Anadzaza matumba ndi ndere zomwe mphalapalazo zimadya, n'kukwera njinga yake yamoto yoyenda pachipale. Analambalala chikwangwani chija, nakakhuthula nderezo pafupi ndi pomwe zinkadya. Anabwerera mtima uli m'malo.

Sabata isanathe kunabwera Verna, mwana wa mlongo wake, yemwe anaphunzira za nyama zakutchire ndipo ankayang'anira khola lija. Nkhope yake inali yakugwa. Anamupempha kuti akwere naye kuphiri wapansi. Kumeneko anapeza magazi ndi zotsala za mphalapala yomwe inali ndi bere.

"Taonani pansi, amalume."

Mapazi a mimbulu anali atandondozana momwe munadutsa njinga yake.

"Komatu ine ndinabweretsa chakudya," anatero Delmer.

"Ndikudziwa. Koma kuno chipale n'chakuya ndiponso chofewa. Mmbulu umatitimira, pomwe mphalapala ili ndi ziboda zotambalala. N'chifukwa chake zimathawira kuno. Njinga ikadutsa, chipale chimalimba, mimbulu n'kupeza msewu."

"Nanga khola lija? Kuwombera kuja?"

"Zimenezo n'zongogwirizira, kuti ana a mphalapala akule pamene nkhalango yomwe inadulidwa ikumeranso. Mitengo ikadzatseka njira zomwe mimbulu imadzera, khola ndi mfuti tidzazisiya."

Delmer anakanda m'mutu. Zoti nyama ina iphedwe kuti inzake ipulumuke zinkamuvutabe kumvetsa. Koma anali mlenje, ndipo mapaziwo sanafune wina womuwerengera. Anavula chipewa, nagwada pamagazi paja, n'kuwaza fodya pachipale monga amachitira akwawo popepesa nyama.

Phunziro: Mtima wabwino pawokha sukwanira. Malo akatsekedwa poteteza nyama, tifunse chifukwa chake tisanalowemo, ngakhale tili eni dera.