Iyayi wa Bambo a Mapasa

Mayi a mapasa anakwatiwa ndi munthu wabwino amene ankakana chinthu chimodzi chokha. Amuna awo anali owotcherera zitsulo, a manja odzaza zipsera, osamwa, osamenya, ndipo kutchalitchi ankapita ndithu. Ankakhala pa benchi yakumapeto, pafupi ndi chitseko. Koma mlaliki akangotsitsa mawu, wa kiyibodi n'kuyamba kanyimbo kapansipansi, n'kumveka kuti, "Amene mukufuna kupereka moyo wanu kwa Ambuye, bwerani kutsogolo," bambowo ankatola chipewa n'kukaima panja.

"Miyendo yanuyi imalemera chiyani?" mayi ankafunsa pobwerera kunyumba.

"Kodi Mulunguyo ali ndi vuto la maso, kuti akumbuyofe sationa?" bambo ankatero, n'kuseka.

Mayi sankaseka nawo. Iwo anapita kutsogolo ali mtsikana, ndipo tsiku limenelo ankalisunga mumtima ngati tsiku lobadwa. Mapasa awo onse anapita. Wotsala m'nyumbamo anali mwini nyumba, ndipo nkhaniyi inkawadya mayi ngati chiswe.

Tsiku lina m'mawa, munthu wobwera kudzatenga geti yake anawapeza bambo atagwa m'shedi, makina akulirabe. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu onse anathawa kupatula amodzi: iyayi. Dokotala anafotokoza kuti zimachitika, pakamwa pamangotuluka mawu omwewo ngakhale mtima ukunena zina. Mayi akabweretsa tiyi, bambo ankati "iyayi" uku atayasamula kukamwa. Mdzukulu akawakwera pamwendo, ankamusisita ndi dzanja lamanzere n'kumati "iyayi, iyayi," mokoma ngati akumuimbira.

Patapita miyezi, kutchalitchi kunabwera mlaliki wachilendo wa chitsitsimutso. Mayi anawasambitsa amuna awo, kuwaveka jekete, n'kuwakankha pa chikuku chimene anabwereka kuchipatala. Anachiimika kumbuyo, pamalo awo akale. Masanawo kunatentha, anthu akudzikupiza ndi timabuku ta nyimbo. Itafika nthawi yoitana, mayi anatsinzina monga mwa masiku onse. Ndiye anamva tayala likulira kwiii. Potsegula maso, anaona bambo atagwira tayala lamanzere, mitsempha ya m'khosi itatupa, chikuku chikukhotera m'kanjira kapakati.

Mayi anadzambatuka. Sanafunse. Anagwira zogwirira n'kukankha, anthu akupatuka, ena akuwomba m'manja, ena akulira poona wowotcherera uja akupita kutsogolo.

Mlaliki wachilendoyo sankadziwa za matendawo. Anawerama n'kuika maikolofoni pakamwa pa bambo.

"Bambo, mukuwalandira Ambuye lero?"

"Iyayi."

Mawuwo anatuluka m'masipika onse. Wa kiyibodi anasiya kuimba.

"Ndikufunsanso. Mukumuvomereza Mpulumutsi ndi pakamwa panu?"

"Iyayi! Iyayi!" Misozi inali chuchuchu, mpaka kunyowetsa kolala.

Mlaliki anavula jekete. "Ichi ndi chiwanda! Chikulankhula ndi chiwanda! Othandiza, agwireni!"

Mayi a mapasa anali asanatsutsepo munthu wa Mulungu chibadwire. Koma anangopezeka ataima pakati pa chikuku ndi amuna amene ankabwerawo, manja atatambasula.

"Musawagwire. Awa akudwala, alibe chiwanda. Ndi amuna anga, ndimawadziwa."

Abusa a pampingopo, munthu wachikulire, anathamangira kukamunong'oneza mlendoyo. Mayi sanadikire. Anatembenuza chikuku n'kudutsa m'kanjira komweko, m'tchalitchi muli zii.

Kunyumba, atawagoneka bambo, mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasawo, anawatsatira kukhitchini.

"Amayi, musakwiye. Chikuku ukachipalasa ndi dzanja limodzi chimangozungulira. Mukudziwa bwanji kuti ababa ankafuna kutsogolo? Bwanji ngati ankafuna kutuluka panja, monga ankachitira?"

Mayi anakhala pansi, mbale ili m'manja. Zimenezo sanaziganize. Mwina anatenga munthu wosatha kudzikanira n'kukamuchititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse. Mwinanso munthuyo anafunadi, n'kukafika pakhomo lilime n'kumukaniza. Zonse ziwiri zinkawawa mofanana.

Mkati mwa sabata anapita kwa abusa. Anawapeza akukonza mwendo wa benchi.

"Abusa, ndiuzeni zoona. Zija zinawerengedwa kumwamba, kapena ayi?"

Abusa anaika hamala pansi. "Mayi, ndinganame nditati ndikudziwa. Ndaitana anthu kutsogolo kuyambira tsitsi lili lakuda. Ena anabwera n'kusinthadi, inu ndinu mmodzi. Ena amabwera chaka chilichonse n'kubwerera mmene analili. Ine ndimaona miyendo ndi pakamwa, pamenepo ndi pomwe maso anga amathera. Cholakwa changa n'chakuti sindinamuchenjeze mlendo uja. Pepani, ndipo mukandipepesere kwa bambo. Ndibwera ndekha Loweruka."

M'mawa mwake mayi anawatulutsa bambo pakhonde kuti awamete ndevu. Anapaka sopo, n'kuyendetsa lezala pang'onopang'ono pa tsaya lofooka lija. Atamaliza anagwada kutsogolo kwa chikuku.

"Bambo a mapasa, ngati ndinakukankhirani kumene simunkafuna, ndikhululukireni. Ndakukokani zaka zonsezi ngati ndine mwini chipulumutso. Sindidzakukankhiraninso kulikonse musanandilozere."

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, n'kugwira dzanja la mayi lomwe linali ndi thovu la sopo. Analikweza movutikira, n'kuliika pamutu pa iwo eni, n'kutsinzina.

Mayi anadikira, kuopa kulakwitsanso. Dzanja la bambo linapanikiza lawo, osalisiya. Ndiye mayi anapemphera. Sananene kuti "nenani monditsatira." Anangomuuza Mulungu kuti munthu wake ndi uyu, mawu alibe, zotsalazo amve yekha. Atati ameni, bambo anatulutsa mpweya wautali.

"Iyayi," anatero chapansipansi.

Mayi anaseka misozi ili m'maso, nawonso bambo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse mayi ankaika jekete ndi bulangete pabedi. Bambo akaloza jekete, ankapita kutchalitchi. Akaloza bulangete, ankakhala. Kawirikawiri ankaloza jekete. Nthawi yoitana ikafika ankakhala phee kumbuyoko, dzanja lili pa bondo, ndipo panalibe amene anawavutitsanso.

Anamwalira mvula itangoyamba, masana, mdzukulu akusewera pansi pa bedi. Maliro atatha, mlongo wawo wa malemuwo anawakokera mayi pambali.

"Alamu, ndiuzeni, mtima wanga ukhale pansi. Achimwene anawalandira Ambuye? Paja anthu akuti anakana pagulu."

"Tinapemphera, alamu," mayi anayankha. "Anapempha okha."

Mlamuyo anadikira kuti amve zambiri, koma mayi sanawonjezere. Anangomupempha kuti awathandize kupinda chikuku n'kuchipukuta matayala, poti kuchipatala anali atanena kuti pali wodwala wina amene akuchidikira.